Filimoni Anafera M'manja Mwanga

Ndiyambe ndi kunena kuti ine si munthu wosasamala. Kusukulu ndine amene ndimasunga kiyi wa laibulale, ndipo aphunzitsi sanadandaulepo. Ndanena zimenezi kuti mukamva zimene zinamuchitikira Filimoni musandiweruze msanga. (Mundiweruzabe, ndikudziwa. Alamu anga akundiweruza mpaka lero.)

Tchuthi chathachi ndinakakhala kwa asisi anga kufupi ndi Mtunthama. Kwathu ndi kwa Lukwa, koma nyengo yosankha fodya ikafika, kwathu sikukhala powerengera. Paliponse pamakhala fumbi la masamba, ndipo aliyense wokuona wagwira buku amati ulibe chochita, n'kukupatsa mulu wako woti usankhe. Choncho amayi anavomera kuti ndikawerengere kwa asisi kumene kuli magetsi. Amuna awo a asisi, alamu angawo, ndi azaumoyo, aja amapalasa njinga m'midzi kukayeza ana sikelo ndi kuona ngati anthu anakumba zimbudzi. Ndi munthu wamkulu, wandevu zake, ndipo kutchalitchi amawerenga mawu. Koma akaweruka kuntchito n'kutsegula laputopu yawo yakale, amasanduka mwana wa sitandade fayifi.

Pa laputopupo pali masewera olowa m'mapanga a pansi pa nthaka. Umakhala ndi msilikali wako, n'kumamuyendetsa ndi mabatani m'tinjira ta mdima, kutsika chipinda ndi chipinda, kumenyana ndi zilombo, kulambalala misampha, mpaka ukafike pansi penipeni pamene pali chimphona. Msilikali wa alamu dzina lake anali Filimoni. Chifukwa chake musandifunse. Anamulera miyezi yambiri, anamupezera nkhwangwa yoyaka moto, chishango ndi nsapato zachitsulo. Ndipo masewerawo ndi ankhanza: msilikali akafa, wafa basi. Umayambiranso pamwamba ndi wina watsopano, wovala kabudula, wonyamula kandodo.

Ine sankandilola kukhudza mabatani.

"Mlamu, manja akowo ndi otsukira mbale, ndi oterera," ankatero. "Filimoni ndi munthu waulemu wake."

Ndiye ndinkaima kumbuyo kwa mpando n'kumaonerera, buku la Bayoloje lili m'khwapa kuti asisi aziti ndangopumako pang'ono. Koma woonerera amaona zambiri kuposa wosewera. Posakhalitsa ndinayamba kuwalangiza, ndipo malangizo anga ankagwira. Ndikuuzeniko ena, mwina mudzawafuna. Mukaona mwala wapansi wosiyana mtundu ndi anzake, musaponde. Ponyanipo kaye chinthu chopanda ntchito, monga chisoti chobooka, kuti mikondo yobisika ituluke ithe. Mukakumana ndi mafupa oyenda, musawalase ndi muvi, umangodutsa m'nthiti. Amafuna chomenyera cholemera. Akangaude amaopa moto. Botolo la mankhwala ofiira, lija limabwezera moyo, musamwe mutangokandika pang'ono. Lisungeni mpaka mzere wa moyo utsale kachidutswa. Alamu anayamba kunditchula kuti mlangizi, ngati aja a zaulimi, ndipo ine mumtima ndinkati tsiku limene adzandipatse mabatani, dziko lidzadziwa.

Tsikulo linafika Loweruka masana, koma silinafike mmene ndinkaganizira.

Filimoni anali atatsika mpaka kufupi ndi chimphona. Kumeneko chitseko chimadzitseka chokha kumbuyo kwako, ndipo masewera sungawaimitse kuti ukamwe madzi. Ukangoima, zilombo zimakupeza. Alamu anali atavula malaya, atatsala ndi vesiti, thukuta lili kamukamu. Ine kumbuyo ndikuti "kumanja, alamu, kumanja!" Kenako panja panalira njinga yamoto ya kabaza, ndipo tinamva mawu amene tonse timawadziwa.

"Odi kunoko! Eni nyumba alipo?"

Amayi.

Apa ndifotokoze pang'ono. Kwathu mkamwini saonana maso ndi maso ndi apongozi ake aakazi. Ambiri masiku ano anazisiya, amakhala pa sofa imodzi n'kumaonera mpira. Koma amayi anga ayi. Chikwatirire asisi, alamu sanakhalepo chipinda chimodzi ndi amayi. Akakumana panjira, alamu amapatukira m'tchire ndi njinga yomwe. Akafuna kulankhulana, mawu amadutsira mwa asisi, wina ali mkati wina ali kuseri kwa khoma. Amakondana kwambiri anthu awiriwa, amatumizirana nkhuku ndi shuga, koma nkhope ayi.

Alamu anayang'ana kukhomo, anayang'ana Filimoni, anayang'ana vesiti yawo. Sindinaonepo munthu akuvutika chotero.

"Mlamu," ananong'ona, akundikankhira laputopu, "gwira. Usamenyane ndi aliyense. Ingomuyendetsa asaime. Ndikudalira iwe."

Anatulukira khomo lakuseri, patapata mmodzi atatsala pansi pa tebulo.

Amayi analowa ndi nkhuku m'manja ndi mtolo wa ziguduli zodindira fodya pamutu. Anali atapita kuboma kukagula zigudulizo, ndiye anati adzere aone mdzukulu. Tsopano mwana wophunzitsidwa bwino, amake akalowa, amagwada. Ndinatsitsa laputopu pansi n'kugwada pambali pake, dzanja limodzi lili pa mabatani, ndikuganiza kuti ndachenjera.

"Landira nkhukuyi," anatero amayi.

Ndinatambasula dzanja lamanja.

Amayi anangoyang'ana dzanjalo, n'kuyang'ana ine. Aliyense amene anabadwa kwa mayi ngati wanga akudziwa mayang'anidwe amenewo. Ndinachotsa dzanja linalo pa mabatani n'kulandira nkhuku ndi manja awiri.

"Eya. Ndimati sukulu yakudyera dzanja limodzi. Uli bwanji?"

"Ndili bwino amayi, kaya inu?"

"Tili bwino. Abambo ako akuti uwerenge. Ng'ombe ija inabereka. Mwana wa a Nabanda anagwa m'chigafa koma sanathyoke..."

Nkhani za kumudzi sizifupika. Ine maso ali pa amayi mwaulemu, koma pangodya ya diso ndikuona Filimoni ataima chilili ngati munthu wodikira basi, ndipo kangaude wamkulu ngati ngolo akutsika padenga pang'onopang'ono. Nkhuku ili m'manja mwanga ikundiyang'ana. Pazenera katani inagwedezeka, ndipo kunamveka kunong'ona kwa munthu wamkulu amene wanjuta m'bedi la mpiru.

"Mlamu! Moto! Muotche!"

"Kodi akunong'onawo ndani?" anafunsa amayi, akukhala pa sofa.

Asisi anali atalowa, mwana ali kumbuyo. Anandilanda nkhuku, akudziluma mlomo kuti asaseke. "Ndi bambo a Tadala, amayi. Ali panja."

"Oo, abambo alipo? Apatseni moni."

Asisi anaima pakati, pakhomo, pamene amaima nthawi zonse. Ndipo apa ndi pamene zinthu zinasokonekera bwino, chifukwa tsopano alamu sakanathanso kundinong'oneza mobisa. Mawu onse anayenera kudutsa mwa asisi, mwaulemu wake.

"Akuti mwayenda bwanji, amayi."

"Auzeni ndayenda bwino, koma wakabaza amathamanga ngati waba."

"Akuti pepani. Akutinso kumanzere kwa mlamu kuli kangaude."

Amayi anakweza miyendo msanga. "Kuti?"

"Ayi amayi, mu kompyutamu."

Ndinali nditabwerera pa mabatani. Tsopano ndikuuzeni chinthu chimene palibe anandiuza: kudziwa chochita ndi kuchichita ndi zinthu ziwiri. M'mutu mwanga ndinkadziwa kuti kangaude amafuna moto. Zala zanga sizinkadziwa kuti motowo uli pa batani liti. Ndinadina loyamba, Filimoni anadumpha. Ndinadina lachiwiri, anakhala pansi. Ndinadina lachitatu, anatulutsa botolo la mankhwala ofiira, lija anali atalisunga alamu kuyambira kalekale, n'kuligugudiza lonse ali ndi moyo wodzadza.

Panja panamveka kubuula ngati kwa mbuzi yomangidwa.

"Akuti chiyani abambo?" anafunsa amayi.

"Sanati kanthu," anatero asisi. "Angobuula."

Batani lachinayi ndiye linali la nkhwangwa. Moto unati lawi! Kangaude anapsa n'kupinda miyendo. Amayi, amene anali ataweramira kutsogolo kuti aone chimene chikubuulitsa mkamwini wawo, anawomba m'manja.

"Wamupha! Kodi kamunthu kameneka n'kandani?"

"Ndi Filimoni, amayi. Wa alamu."

"Nanga akufuna chiyani kumdima kumeneku? Kwawo kulibe ntchito?"

Ndinafotokoza mwachidule kuti akufuna akaphe chimphona, ndiponso kuti akafa ndiye kuti ntchito ya alamu ya miyezi yonseyi yapita m'madzi. Amayi anamvetsa msanga. Munthu wolima fodya simumuuza kawiri za ntchito ya chaka yoonongeka tsiku limodzi. Anamanga bwino chitenje, n'kutsika pa sofa kudzakhala pamkeka pafupi nane.

"Ndiye umusamale mwana wa eni ake," anatero.

Chipinda chotsatira chinali chachikulu, ndipo titangolowa, pansi panayamba kutuluka mafupa oyenda. Ambiri. Kumbuyo kwawo kunaima kamfiti kovala mkanjo, kakugwedeza ndodo.

"Akuti thawa," anatero asisi. "Akutinso amayi, kodi mvula yomaliza ija sinaononge fodya wa m'chigafa?"

"Auzeni inadontha mbali imodzi koma tinaphimba. Iwe, akubwera kumbuyo kwako!"

Koma apa mutu wanga unabwerera m'malo mwake. Zilombo zikachuluka sumenyana nazo pabwalo. Umabwerera pakhomo lopapatiza kuti zizibwera chimodzichimodzi ngati anthu pamzere wa kuchigayo. Ndinamubweza Filimoni mpaka pakhomo, n'kuima. Loyamba linafika, phwa! Lachiwiri, phwa! Koma amene ndawaphwanya ankadzukanso.

"Akudzukatu awa!" anakuwa amayi. "Ukuwamenya mowanyengerera!"

"Ndi kamfiti kaja, amayi, ndi kamene kakuwadzutsa. Pagulu lotere umayamba ndi iko."

"Ndiye ukudikira chiyani, kalata?"

Ndinaona mwala wofiirira pakati pa chipinda, wosiyana ndi anzake. Msampha. Ndinathamangitsa Filimoni mozungulira mwalawo, mafupa onse akunditsatira pambuyo ngati anapiye, ndipo iwo poti alibe nzeru anadutsa pomwepo. Mikondo inatuluka pansi n'kuwamwaza onse. Kamfiti kanatsala kokha, ndipo ndinakapatsa nkhwangwa imodzi yokha. (Msampha si mdani nthawi zonse. Ukaudziwa pamene uli, umakugwirira ntchito.)

Amayi analiza nthungululu m'nyumba ya eni. Tadala kumbuyo kwa asisi anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Panja alamu anaiwala kuti akubisala.

"Ameneyo ndiye mlamu wanga! Auzeni amayi kuti anabereka!"

"Akuti munabereka."

"Auzeni ndikudziwa."

Anzanga, mtima wanga unakula ngati dzungu. Filimoni anali atatsala ndi moyo wochepa, kachidutswa kofiira pakona, botolo lija kulibe, koma ine ndinkadziona ngati mkulu wa asilikali. Ndinayamba kuganiza mmene ndikafotokozere anzanga ku hositelo.

Tinalowa kachipinda kena kakang'ono, kabata, kopanda chilombo chilichonse. Pakati penipeni panali bokosi. Lokongola, la mikombero yagolide, likuwala lokha mumdima.

Tsopano pa malamulo anga onse, lalikulu linali limeneli, ndipo ndinkalibwereza mpaka alamu kutopa nalo: bokosi lokhala lokha poyera, lopanda mlonda, usalitsegule. Chuma sichikhala chotero. Ngakhale mbewa yakutchire imadziwa kuti mtedza woikidwa bwino pakati pa njira uli ndi diwa pamwamba pake. Ndinayamba kumulambalalitsa Filimoni m'mbali mwa khoma.

"Iwe," anatero amayi, "bokosilo sukuliona?"

"Ndaliona amayi, koma ndi msampha."

"Msampha wa chiyani? Munthu wavutika chonchi, wapha mafupa onse aja, ndiye malipiro ake awasiye? Mwina muli mankhwala aja unamumwetsa osadwala."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa mwina analidi momwemo.

"Amayi, mabokosi otere amaluma."

"Bokosi kuluma? Ana a sukulu inu. Afunseni abambo panjapo ngati ndikunama."

Ndinapuma mpweya wabwino. Alamu ankadziwa. Bokosi ngati lomweli linawadyerapo msilikali wina Filimoni asanabadwe. Ndinangoti alankhule mawu amodzi, nkhani ithe.

Asisi anasuzumira panja. "Akuti amayi akufunsa ngati akunama."

Taganizani inunso: mkamwini amene amapatukira m'tchire ndi njinga, anene pamaso pa mkazi wake ndi mlamu wake kuti apongozi akunama?

"Auzeni amayi," mawu anatuluka ochepa ngati a munthu wodwala malungo, "kuti iwo ndi akuluakulu. Sanganame."

"Wamva?" anatero amayi. "Eni ake avomera. Tsegula."

"Komatu auzeni mlamu," alamu anapitiriza mofulumira, "kuti nayenso ndi wophunzira, aganize bwino, aganize kwambiri..."

"Akuti uganize," anatero asisi, misozi ya kuseka ikutsika.

Ndinaganizadi. Ndinaganiza kuti amayi andituma, ndipo sindinawakanirepo pamaso pa anthu. Ndinaganiza kuti mwini wake wa Filimoni sananene kuti ayi. Ndipo kunena zoona, pansi pa mtima panali kamawu kena kakuti: bwanji ngati lero lokha muli botolo? Bwanji ngati ndikapha chimphona ine, tsiku langa loyamba, amayi akuona? Ine vuto langa ndi limenelo, ndimakhulupirira kuti zinthu zikhala bwino.

Ndinadina.

Chivundikiro chinatseguka. Munalibe golide. Munali mano, mizere iwiri, ndi lilime lalitali lofiirira. Bokosi linadumpha ngati chule n'kumumeza Filimoni kuyambira kumutu, nsapato zachitsulo zokha zikupalapata kunja. Kenako nazonso zinalowa. Laputopu inada, n'kuyamba kuimba kanyimbo kachisoni.

"Mayo ine!" anatero amayi. "Limalumadi!"

Chitseko chakuseri chinatseguka mwamphamvu. Alamu analowa, vesiti ili ndi dothi, phazi limodzi lopanda patapata, tsamba la mpiru litamatirira pabondo. Anaima pakati pa chipinda manja ali kumutu.

"Filimoni! Filimoni wanga!"

Atatsitsa maso anapeza akuyang'anizana ndi amayi, maso ndi maso, pafupi ngati wogula ndi wogulitsa tomato.

Amayi anakoka chitenje n'kudzifunda kumutu. Alamu anatembenuka ngati msilikali wa pa perete n'kuyang'ana khoma, mphuno itatsala pang'ono kukhudza kalendala. Asisi anakhala pansi pomwepo pakhomo. Ine ndinangoti ndife ndimutsatire Filimoni.

Kenako ndinaona chitenje chikugwedezeka. Ndinaganiza kuti amayi akulira chifukwa cha mwambo umene wasweka, ndipo mantha anandigwira. Koma m'chitenjemo munatuluka kamawu kopyapyala, kenako chiphwete chenicheni, chija amaseka amayi mpaka kutsokomola.

"Auzeni abambo," anatero ali chifundire, "kuti pepani maliro. Ndine ndinamutuma mwana."

Asisi anali atafa nalo phwete. Anangoloza ndi dzanja.

Alamu anayankha akuuza khoma. "Auzeni amayi kuti palibe kanthu. Anali atakalamba kale." Mapewa awo anayamba kugwedezeka nawonso. "Komanso auzeni mlamu kuti mlangizi wotere, kumunda kwanga asadzafikeko."

"Alamu, inu ndi amene munati sanganame!"

"Nanga ukanakhala iwe ukanati chiyani?"

Tinaseka mpaka a nyumba yoyandikana nayo anatuma mwana kudzafunsa ngati kwabwera uthenga wabwino. Amayi atapukuta misozi anafunsa ngati kamunthu kena kangapezeke, kapena ngati mtundu wa Filimoni wathera pomwepo. Atamva kuti wina amabwera koma wopanda kanthu, anati ndiye aleredwe, mwana wamasiye satayidwa. Alamu, akuyang'anabe khoma, anagamula kuti popeza wapha ndine, wolera ndikhalenso ine, mpaka ndimufikitse pamene panafika malemu. Ankaganiza kuti akundilanga. Ine ndinavomera ndi nkhope yachisoni, mumtima ndikuvina.

Madzulo amenewo wakabaza anabwera kudzatenga amayi koma amayiwo anamubweza kuti abwere mawa. Alamu anavala malaya, anatenga mpando n'kukakhala panja pansi pa zenera, mwaulemu wake, ndipo asisi anabwerera pakhomo pawo. Msilikali watsopano anatulukira ndi kabudula wake ndi kandodo. Amayi anamuyang'anitsitsa n'kunena kuti miyendo yake ikufanana ndi ya malume awo ena, choncho anamutcha Yotamu.

Yotamu akadali moyo, ndipo tsopano ali ndi chishango. Mabatani ndinawadziwa onse. Za misampha ndi zilombo mukhoza kundifunsa chilichonse, ndikuyankhani bwino kuposa Bayoloje. Koma langizo limene ndinalipeza tsiku limenelo si la m'mapanga ayi. Mukadzatsutsana ndi amayi anu, ngakhale mukudziwa kuti mukulondola, mboni musadzaitenge kwa mkamwini.